"MWANDIONERA PATI?": KUFUPIKA SI CILEMA CA NZERU

Makolo athu a Cicewa atafika m'dziko lino anapeza anthu ena afupiafupi ochedwa Akafula kapena Abathwa, amene anali kukhala ndi moyo posaka nyama ndi kufula uci. Nkhalamba za kwa Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza, zikali kusimba kuti mlendo akakumana ndi Mkafula anali kufunsidwa funso limodzi lokha: "Mwandionera pati?" Wocenjera anali kuyankha kuti, "Ndakuonerani patali, kuphiri uko," ndipo anali kupita mwamtendere. Koma woyankha kuti, "Ndakuonerani pompano," anali kuputa mubvi. N'cifukwa cace anthuwo anachedwanso Amwandionerapati.

Nthano imeneyi timaisimba moseka, koma muli cilangizo. Munthu wamfupi safuna kumveredwa cisoni. Afuna kuonedwa ngati munthu wathunthu. Ndipo anthu akale amene anakhala kuno Acewa asanabwere anasiya mbiri yosafafanizika. Paphanga la Kalemba, m'boma lomweli la Chadiza, katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba m'caka ca 1971 napeza zida zamiyala zoonetsa kuti anthu anayamba kukhalapo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza ku Malawi, kuli zithunzi zofiira pamatanthwe zimene akatswiri amati zinajambulidwa ndi Abathwa, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linaika malowo pamndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi.

Lerolino m'midzi mwathu mnyamata wamfupi amapatsidwa maina oseketsa kusukulu ndi kudambo kobusa ng'ombe. Mtsikana wamfupi amamva mau olasa mtima kucitsime ndi kucigayo. Ena mwa ana otere amaleka kukweza dzanja m'kalasi, ena amaleka sukulu kumene. Apa mudzi ndiwo umaluza, cifukwa nzeru za mwanayo zimakwiririka.

Tiyenera kudziwa kuti kufupika kuli mitundu yosiyana. Mtundu woyamba ndi wa kumtundu: atate ndi amai akakhala afupi, kawirikawiri mwana amatengera. Uku si kudwala ai, ndipo palibe mankhwala a sing'anga kapena a m'botolo amene angatalikitse munthu amene mafupa ace anakhwima kale. Cenjerani ndi ogulitsa zotere pamsika, angakudyereni ndalama za fetereza.

Mtundu waciwiri ndi wobadwa nao, umene madokotala amaucha achondroplasia. Mwana amakhala ndi manja ndi miyendo yaifupi, koma nzeru zace zimakhala monga za wina aliyense. Ambiri a ana otere amabadwa kwa makolo a msinkhu wamba. Motero si ufiti, si tsoka, ndipo si mlandu wa mai kapena wa akucimuna. Lamulo la dziko la Zambia loteteza anthu olemala, la m'caka ca 2012, limaletsa kuwasala pa maphunziro ndi pa nchito.

Mtundu wacitatu ndiwo uyenera kutidetsa nkhawa: kupinimbira, ndiko kulephera kukula cifukwa ca kucepa kwa zakudya zoyenera ndi kudwaladwala paubwana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anapeza kuti m'zaka za 2013 ndi 2014 ana 40 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, ndipo m'caka ca 2018 anali 35. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyamba, kucokera pamene mai watenga pathupi kufikira mwana akwanitsa zaka ziwiri. Uku kungapewedwe. Yamwitsani khanda bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pambuyo pace muziika nsinjiro za nshawa, soya kapena dzira m'phala, muzimpatsa nyemba, kapenta ndi ndiwo zamasamba monga cibwabwa, ndipo muzipita naye kusikelo mwezi ndi mwezi. Kumeneko anamwino ndiwo angakuuzeni ngati kufupika kwa mwana wanu n'kwa kumtundu kapena kufuna cithandizo.

Tikapatula za matenda, msinkhu sunaletsepo munthu kucita zazikuru. Malemu Frederick Chiluba anali munthu wamfupi kwambiri, ndipo adani ace pandale anali kumseka pa cimeneci. Komabe anatsogolera bungwe la anchito la ZCTU kuyambira m'caka ca 1974, napambana masankho a 1991, nakhala Mtsogoleri wa dziko lino kufikira 2002. Anthu amasiyana maganizo pa za ulamuliro wace, koma onse amamuweruza pa zocita zace, osati pa kutalika kwace. Pabwalo la mpira, Diego Maradona wa ku Argentina anali wotalika mamita 1.65 cabe, koma anatsogolera dziko lace kutenga cikho ca dziko lonse m'caka ca 1986. Ndipo pamene Chipolopolo inatenga cikho ca Africa ku Libreville m'caka ca 2012, Rainford Kalaba, amene si wamtali, anali mmodzi mwa osewera amene anazunguza adani.

Makolo athu anali kuzidziwa izi. M'nthano za madzulo, Kalulu ndiye amagonjetsa Njobvu. Ndiponso anasiya mwambi wakuti, "Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo." Pabwalo la milandu, mafumu ndi nduna amamvera kulemera kwa mau, sayamba ayeza munthu ndi cingwe.

Tsono inu makolo, lekani kuchula mwana wanu ndi dzina lomtonza, pakuti cimene anena atate pakhomo, anzace amacinyamula kupita naco kusukulu. Inu aphunzitsi, khazikani wamfupi kutsogolo kuti aone bolodi, ndipo dzudzulani otonza. Inu ankhoswe ndi atsibweni, poona mkamwini kapena mtengwa yang'anani khalidwe ndi khama lace pakhasu. Ndipo inu amene muli afupi, imani ciriri, lankhulani momveka pamsonkhano, musadzibise kumbuyo kwa anzanu. Simufunikira kufunsa munthu aliyense kumene wakuonerani: munda wolimidwa bwino, ana ophunzira ndi mbiri yabwino zimaoneka patali.