MAPHUNZIRO-ZIMBABWE: Thandizo la Alembi ku Yunivesite Likudutsa Kutali ndi Ana a M'mafamu

HARARE – Chaka ndi chaka, masukulu a ukachenjede a ku America ndi ku Ulaya amasankha achinyamata ochepa omwe aonetsa luso lolemba nkhani zopeka, n'kuwalipirira sukulu ndi kuwapatsa ndalama zodyera kuti akhale pansi, alembe. Dziko la Zimbabwe ndi limodzi mwa maiko a mu Africa omwe apindula ndi mwayi umenewu. Koma kwa ana obadwira m'makomboni a m'mafamu a m'zigawo za Mashonaland, omwe ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, mpikisano umatha usanayambe n'komwe.

Chomwe chimawagwetsa si kuchepa kwa luso. Thandizo lotere limafupa luso lomwe lalembedwa kale pa pepala, m'Chingerezi, ndi munthu yemwe ali ndi zikalata zomuyenereza. Chilichonse mwa zinthu zitatuzi n'chovuta kuchipeza pa komboni.

Momwe thandizoli limayendera

Alembi ambiri a masiku ano amasulidwa m'maphunziro a digiri yachiwiri ya luso la kulemba. Ofuna malo amatumiza nkhani zomwe adalemba, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi awo ndi zikalata za digiri yoyamba. Aphunzitsi a pa yunivesite, omwe nawonso ndi alembi, amawerenga nkhanizo n'kusankhapo zochepa.

Malo ake ndi owerengeka. Yunivesite ya Cornell ku America imatenga olemba nkhani zopeka 4 ndi alakatuli 4 pa chaka, ndipo onse amalipiriridwa. Yunivesite ya Stanford, kudzera m'thandizo lotchedwa Stegner Fellowship, imatenga anthu 10 pa chaka, 5 a nkhani ndi 5 a ndakatulo, n'kuwasamalira kwa zaka ziwiri.

Palinso thandizo losadzera m'kalasi. Kuyambira mu 2013, bungwe la Miles Morland Foundation la ku Britain lakhala likupatsa alembi obadwira mu Africa ndalama zokwana mapaundi 18,000 kuti alembe buku kwa miyezi 12. Wopempha ayenera kuonetsa ntchito yomwe idasindikizidwa kale komanso chikalata cha boma chotsimikiza komwe iye kapena makolo ake adabadwira. Nayo mphoto ya Caine, yomwe idayamba mu 2000, imapereka mapaundi 10,000 kwa mwini nkhani yaifupi yopambana, ndipo kwa zaka zingapo opambana ankapatsidwanso mwayi wokakhala mwezi wathunthu pa yunivesite ya Georgetown ku Washington. Nkhaniyo iyenera kukhala yosindikizidwa m'Chingerezi ndipo woitumiza ndi wosindikiza, osati mlembi.

Omwe khomo lidawatsegukira

Mbiri ya NoViolet Bulawayo ikuonetsa zomwe thandizoli lingathe kuchita. Iye adabadwira ku Tsholotsho mu 1981, adaphunzira m'masukulu a mumzinda wa Bulawayo, kenaka adapita ku America. Adamaliza digiri ya luso la kulemba ku Cornell mu 2010, komwe adalandira thandizo la Truman Capote Fellowship. Mu 2011 adapambana mphoto ya Caine, ndipo kuyambira mu 2012 mpaka 2014 adali ku Stanford. Mabuku ake awiri, "We Need New Names" la mu 2013 ndi "Glory" la mu 2022, onse adafika m'ndime yotsiriza ya mphoto ya Booker.

Zaka zambiri m'mbuyomo, Dambudzo Marechera, mwana wa banja losauka la ku Rusape, adadzera pa sukulu ya mishoni ya St Augustine's ku Penhalonga. Atachotsedwa pa yunivesite ya Rhodesia mu 1973 chifukwa cha zionetsero za ophunzira, adapeza thandizo lokaphunzira ku New College, Oxford, mu 1974. Kumenekonso sadamalize, pakuti adachotsedwa mu 1976. Komabe kukhala kwake ku Britain kudamufikitsa kwa osindikiza mabuku, ndipo buku lake la "The House of Hunger" la mu 1978 lidapata mphoto ya Guardian chaka chotsatira.

Ku Malawi, Legson Kayira adanyamuka wapansi mu 1958 kukafuna maphunziro, mpaka adakafika ku Khartoum, ndipo mu 1960 adalowa pa Skagit Valley College ku America. Ulendowo adaufotokoza m'buku la "I Will Try" la mu 1965, asanayambe kulemba mabuku a nkhani zopeka.

Anthu atatuwa sadabadwire m'chuma, koma onse adadutsa pa sukulu yokhazikika, ya mishoni kapena ya m'tauni, yomwe idawapatsa Chingerezi ndi mabuku. Apa ndi pomwe mwana wa pa famu amasiyanira nawo.

Makomboni ndi anthu ake

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, alimi achizungu a m'madera a Karoi, Chinhoyi, Banket, Mvurwi, Mazowe, Bindura, Shamva ndi Marondera ankadalira antchito ochokera kunja. Ena ankabwera okha wapansi powoloka Zambezi ku Tete. Ena ankatengedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito, kuphatikizapo lomwe lidakhazikitsidwa mu 1946 ndipo anthu a ku Nyasaland ankalitcha Mthandizi. Ambiri sadabwererenso kwawo. Kumudzi ankawatcha machona, pomwe ku Rhodesia ankawanyoza ndi dzina loti mabhurandaya, lochokera ku dzina la mzinda wa Blantyre.

Malinga ndi lipoti lomwe Lloyd Sachikonye wa pa yunivesite ya Zimbabwe adalembera bungwe la Farm Community Trust of Zimbabwe mu 2003, ntchito yogawa malo isanayambe mu 2000 m'mafamu akuluakulu pafupifupi 4,500 munali antchito pakati pa 320,000 ndi 350,000. Powerengera mabanja awo, anthuwa ankayandikira 2 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse makolo ake adachokera kunja. Antchito pafupifupi 200,000 adataya ntchito m'zaka zoyambirira za kugawa maloko, ndipo ochepa kwambiri ndiwo adapatsidwako minda.

Moyo wa pa komboni udali m'manja mwa mwini famu. Blair Rutherford, yemwe adachita kafukufuku m'mafamu a ku Hurungwe n'kulemba buku la "Working on the Margins" mu 2001, adaonetsa kuti nyumba, ngongole ya ufa, milandu ndi sukulu zonse zinkadalira mtima wa bwana osati malamulo a boma. Masukulu ambiri a pa famu adali a pulayimale okha. Sekondale idali kutali, ndipo nyengo yothyola fodya kapena thonje ana ankafunika kumunda.

Makwerero othyoka pansi

Kuti wophunzira akafike pa digiri yachiwiri, ayenera kulemba mayeso a Giredi 7, kukhoza maphunziro osachepera 5 pa mayeso a Fomu 4 kuphatikizapo Chingerezi, kukhoza Fomu 6, kenaka kutenga digiri yoyamba. Kwa ana ambiri a m'mafamu, vuto limayambira pa sitepe yoyamba, chifukwa kulembetsa mayeso a boma kumafuna chikalata cha kubadwa.

Mwana sangalembetsedwe mosavuta ngati makolo ake alibe ziphaso, ndipo makolowo nthawi zambiri alibe chifukwa agogo adalowa m'dzikomo ndi chitupa cha ntchito chokha. Zinthu zidaipiratu mu 2001, pomwe lamulo la unzika lidasinthidwa n'kukakamiza aliyense yemwe akadatha kukhala nzika ya dziko lina kuti akane unzikawo m'miyezi 6. Anthu obadwira ku Zimbabwe, omwe Malawi kapena Mozambique ankangomumva m'nkhani za agogo awo, adapezeka kuti pa ziphaso zawo palembedwa kuti ndi alendo.

Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adakonza cholakwikacho. Ndime 43 ikunena kuti munthu wobadwira ku Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, yemwe mmodzi mwa makolo ake adali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye amakhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Koma lamulo kukhala m'buku ndi kwina, chikalata kufika m'manja mwa munthu ndi kwinanso. Mu Epulo 2021, bungwe la Amnesty International lidatulutsa lipoti lonena kuti zidzukulu za antchito obwera, pamodzi ndi ana a anthu omwe adaphedwa pa zipolowe za Gukurahundi, zinkalepherabe kupeza zikalata. Lipotilo lidatchula chiwerengero cha nthambi ya United Nations yoona za anthu othawa kwawo, choti anthu pafupifupi 300,000 adali pa chiopsezo chokhala opanda dziko.

Vuto lachiwiri ndi la sukulu. Malo atagawidwa, boma lidatsegula masukulu ongoyembekezera mazanamazana m'madera a mafamu. Ambiri adayambira m'nyumba zakale za eni mafamu, m'mashedi ndi m'zigafa zowotchera fodya. Poti sadalembetsedwe ngati masukulu oima paokha, ana awo ankakalembera mayeso ku sukulu ina, nthawi zina ya kutali. Pa malo otere nyumba yowerengeramo mabuku ndi chinthu chosowa.

Kufunika kwa mabuku kudafotokozedwa bwino ndi mlembi yemwe adakulira m'dera lomweli, koma kutsidya lina la mpanda. Doris Lessing adaleredwa pa famu ya makolo ake pafupi ndi Banket kuyambira mu 1925. Adasiya sukulu ali ndi zaka pafupifupi 14, koma mayi ake ankaitanitsa mabuku kuchokera ku England. M'mawu ake olandirira mphoto ya Nobel mu 2007, iye adakamba za sukulu ina ya kumpoto chakumadzulo kwa Zimbabwe yomwe idalibe mabuku, n'kutsindika kuti kulemba kumamera pomwe pali zowerenga. Atamwalira mu 2013, mabuku ake oposa 3,000 adaperekedwa ku laibulale ya mzinda wa Harare.

Buku lake loyamba, "The Grass Is Singing" la mu 1950, ndi limodzi mwa mabuku otchuka onena za moyo wa m'mafamu a Rhodesia. Koma nkhani yake imaonedwa kwambiri ndi maso a anthu a m'nyumba ya bwana. Izi zikusonyeza chomwe chimatayika mwana wa pa komboni akalephera kufika polemba: dziko limamva mbiri ya mafamu kuchokera mbali imodzi.

Vuto lachitatu ndi la chiyankhulo. Mwana wa pa komboni atha kukula akuyankhula Chichewa kapena Chisena kunyumba, Chishona pabwalo ndi Chingerezi m'kalasi. Malamulo a mu 2013 adaika Chichewa m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo wailesi ya boma ya National FM imaulutsa mapulogalamu m'Chichewa. Koma thandizo lalikulu la alembi limayang'ana zolembedwa m'Chingerezi. Kale zinthu zidakhalapo mwina: mu 1933 Samuel Josia Ntara wa ku Nyasaland adapata mphoto ya bungwe la International Institute of African Languages and Cultures ndi buku la "Nthondo", lomwe adalilemba m'Chinyanja.

Luso lidatulukira kwina

Umboni woti m'makomboni muli luso la nkhani ukupezeka m'nyimbo. Nicholas Zakaria, yemwe adabadwira ku Mazowe mu 1956 n'kudzatsogolera gulu la Khiama Boys, ndi Alick Macheso, yemwe adabadwa mu 1968 n'kukulira m'dera la mafamu a Shamva, onse mizu yawo ili ku Malawi. Awiriwa adakweza nyimbo za sungura ndipo adaimbako m'Chichewa dziko lonse likuvina. Nawo Gule Wamkulu, yemwe a Chishona amamutcha zvigure ndipo bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, adasungidwa m'mafamu ndi m'migodi, pamodzi ndi nyimbo zake zodzudzula ndi zophiphiritsa.

Kusiyana kwake n'koonekeratu. Gitala safunsa chikalata cha kubadwa, ndipo woimba amapeza omvera pa bwalo la mowa kapena pa tsiku la malipiro. Mlembi amafunika zaka zoposa 10 za sukulu, mabuku, wosindikiza ndi pasipoti asanamveke.

Zomwe zasintha

Pali njira zina zomwe zatsegulidwa. Mu 2001 boma lidayambitsa ndondomeko ya BEAM yolipirira fizi ana ovutika, ngakhale masukulu akhala akudandaula kuti ndalama zake zimachedwa. Lamulo la maphunziro lomwe lidasinthidwa mu 2020 likuletsa kuthamangitsa mwana chifukwa cha fizi kapena mimba. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2022, nthambi ya kalembera idayendera madera akumidzi kupereka zikalata za kubadwa ndi ziphaso.

Mabungwe omwe si aboma nawo athandizapo. CAMFED, yomwe idayamba mu 1993 polipirira atsikana 32 ku Zimbabwe, imathandiza atsikana akumidzi kumaliza sekondale. Ndondomeko ya USAP, yomwe Rebecca Zeigler Mano adaiyambitsa ku Harare mu 1999, imathandiza ana anzeru a m'mabanja osauka kupeza malo aulere m'mayunivesite akunja. Komabe mabungwe otere amapeza mwana yemwe wafika kale ku sekondale. Wotsalira ku Giredi 7 samuona.

Choncho funso la ndani adzalandire thandizo la alembi ku Cornell kapena ku Stanford zaka 15 zikubwerazi likuyankhidwa lero, kutali ndi mayunivesitewo: pa ofesi ya kalembera ku Bindura kapena ku Karoi, ndi m'kalasi ya pa famu momwe ana angapo akulimbirana buku limodzi. Mwana akapeza chikalata, sukulu yolembetsedwa ndi shelefu ya mabuku, oweruza a kunja adzakhala ndi nkhani yake yoti aiwerenge.