Pedulo ya Kumanzere

Pakampani yomwe ndimagwirako ntchito ku Johannesburg, ife a m'maofesi timakhala pamwamba, anzathu onyamula ndi kulongedza katundu amakhala pansi. Masitepe otilekanitsa ndi ochepa, koma kwa zaka zinayi ndinkawatsika pokhapokha pepala likasowa. Katundu akachedwa, apamwamba tinkati apansi ndi aulesi. Apansi ankati ife timangosindikiza mapepala osadziwa kulemera kwa bokosi. Moni ankathera pa kugwedeza mutu.

Pansipo panali bambo wina wa kwathu, wa ku Salima, wachikulire kundiposa. Ndinkadziwa kuti ndi Mmalawi, iwonso ankadziwa za ine, koma tinkangodutsana ndi Chingelezi cha mawu awiri. Zimenezi zimandipweteka mumtima ndikazikumbukira.

Abwana atalengeza kuti Lachisanu tonse tipita ku Muldersdrift kukaphunzira kugwirira ntchito limodzi, anthu anangoti kukamwa pululu. M'basi tinakhala monga mwa masiku onse: apamwamba kutsogolo, apansi kumbuyo.

Titafika tinapeza milu isanu ndi umodzi pa kapinga. Mulu uliwonse unali ndi felemu yachitsulo, matayala anayi, chiwongolero, mpando, tcheni, mapedulo awiri, thumba la mabawuti ndi masipanala. Anatigawa mosakaniza, natiuza kuti pakatha ola limodzi ndi theka gulu lililonse likhale litamanga kagalimoto kopalasa ndi miyendo, kenaka tipikisane. Timagalimoto totere si tachilendo ku Ulaya: kampani ya Kettler ku Germany inatchuka ndi Kettcar kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo ya BERG ku Netherlands imapanga tina tolimba moti munthu wamkulu amakwera. Koma ife tinali tisanagwirepo.

M'gulu mwathu munagwera mkulu wa zachuma, mayi wa kolandirira alendo, anyamata awiri ogulitsa malonda, ineyo, ndi bambo a ku Salima aja. Mkulu wa zachuma anatenga pepala la malangizo n'kuyamba kulamula. Bambo aja anaima chapatali, manja kumbuyo, monga munthu wozolowera kuti pa zokamba za mabwana salowererapo.

Zonse zinkayenda mpaka pa pedulo yachiwiri. Mnyamata wina anaizunguza, ikukana. Anaitsina ndi sipanala, ikukana. Mkulu wa zachuma anavula jekete, nagwada, nakankha mpaka thukuta kamukamu. Wina anati fakitale yalakwitsa, tikapemphe ina. Apo ndi pomwe ndinamva mawu kumbuyo kwanga, m'Chichewa, chapansipansi:

"Achimwene, auzeni asiye. Aononga mazinga."

Ndinatembenuka. "Bwanji, bambo?"

"Imeneyo ndi ya kumanzere. Imamangidwa chobwerera."

Ndinawagwira dzanja kuwakokera pakati. Anatola pedulo ija, naipukuta ndi chala, natisonyeza chilembo L chodindidwa kumapeto kwake. Inzake inali ndi R. Anaiika pabowo, naizunguza ndi zala ziwiri zokha cha kumanzere, ndipo inalowa myaa, ngati ikulowa m'batala wofewa. Kenaka anaimanga ndi sipanala ya 15. Anafotokoza kuti pa njinga iliyonse zimatero, kuti pedulo isamadzimasule munthu akamapalasa. Mkulu wa zachuma, ali chigwadire, anawafunsa kumene anaphunzira. Anayankha kuti anapalasa kabaza zaka zisanu ndi ziwiri pa Kamuzu Road ku Salima asanabwere kuno.

Mkulu uja anapinda pepala la malangizo, naliika m'thumba, nati: "Tiuzeni chochita."

Ha! Mukanaona mmene zinthu zinatembenukira. Bambo aja anayamba kugawa ntchito modekha ngati akuyendetsa dimba lawo. Tcheni anachikoka mpaka chinangotsala ndi kampata kochepa kosewera akachidina ndi chala: chikathina kwambiri chimalemetsa mwendo, chikalendewera chimagwa pa kona. Matayala akutsogolo anawayeza ndi chingwe cha nsapato kuti ayang'ane kumodzi. Mabawuti anati timange onse pang'onopang'ono kaye, kulimbitsa pomaliza. Mayi wa kolandirira alendo, amene ndinkangomudziwa ndi mawu a pa foni, anapezeka kuti ali ndi dzanja la sipanala kuposa tonse amuna. Ine ndinkathamanga ndi mawashala m'chipewa, mtima uli m'mwamba ngati tsiku lomwe ndinamaliza galimoto yanga yoyamba ya mawaya ndili mwana.

Magulu ena atamva, anayamba kubwera mmodzimmodzi atanyamula pedulo. Bambo aja sanamane aliyense.

Mpikisano unali wopatsirana: aliyense azungulire bwalo kamodzi, atsike, wina akwere. Asanaimbe wezulo, bambo anatichenjeza chinthu chimodzi. Tcheni cha kagalimotoka chinkazunguza tayala limodzi lokha lakumbuyo, ndiye pokhota tizipendekera mbali ya tayalalo, likanyamuka tipalasa mphepo. Woyamba anali mkulu wa zachuma, mawondo akugunda chiwongolero, tayi ili pa phewa, akukuwa ngati mwana. Gulu lina tcheni chinagwa pa kona yoyamba. Lina linalowa m'mabelo a udzu. Ine nditakwera, ndinamva anthu a pansi aja akuitana dzina langa, dzina lomwe sindinkadziwa kuti amalidziwa, ndipo miyendo inapeza mphamvu zomwe inalibe.

Omaliza anali bambo a ku Salima. Analandira kagalimoto tili pa nambala 3. Sanapupulume. Anakhala msana uli chilili, napalasa mofanana, mwendo ndi mwendo, monga munthu amene wanyamulapo thumba la chimanga ndi mwini wake yemwe pa keriyala. Pa kona yomaliza anadutsa mmodzi. Winayo anatipambana ndi theka la tayala. Tinakhala achiwiri, koma phokoso lomwe tinachita linaposa la opambana. Tinawanyamula m'mwamba, mayi uja akuimba nthungululu, mkulu wa zachuma akuvina ndi girizi m'masaya.

Pobwerera, m'basi simunadziwikenso kutsogolo ndi kumbuyo. Ine ndinakhala ndi bambo aja, tikukamba za chambo cha ku Senga Bay mpaka kulowa m'tauni.

Lolemba m'mawa katundu wa kasitomala wina anachedwa. Kale pakanauluka maimelo aukali. Tsikulo ndinaona mkulu wa zachuma akunyamuka pampando, natsika masitepe yekha kukafunsa. Anabwerako ndi yankho m'mphindi zisanu: fomu yathu yatsopano inkabisa nambala ya shelefu, ndipo apansi anakhala akuvutika nayo miyezi itatu osafunsidwa. Inakonzedwa tsiku lomwelo.

Masana ndinatsika nanenso. Ndinapeza bambo atatsegula kontena ya nsima ndi usipa womwe mlamu wawo anabwera nawo pa basi, atandisungira kale malo pa bokosi.

"Sambani m'manja, achimwene," anatero. "Ikuzizira."