Chikombole cha Mafomu mu Microsoft Access

Nkhani ya lero ikukhudza alembi a m'maofesi, makamaka aja amene amasunga kaundula m'kompyuta: maina a ana a sukulu, a odwala pa chipatala, kapena a mamembala a bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama.

Munthu woumba njerwa sayeza njerwa iliyonse payokha. Amayamba wakhoma chikombole, ndipo dothi lililonse loloŵamo limatuluka ndi msinkhu umodzi. Pologalamu ya Microsoft Access, imene idatuluka koyamba m'chaka cha 1992, nayonso ili ndi chikombole chake, ngakhale ambiri oigwiritsa ntchito sadziŵa kuti chilipo.

Mu Access, zonse zolembedwa zimasungidwa m'matebulo, koma mlembi salemba m'tebulomo mwachindunji. Amalemba pa fomu, imene ili ngati pepala loonekera pa sikirini. Pafomupo pamakhala timabokosi tolembamo, mau ofotokoza kabokosi kalikonse, mabatani, ndi timabokosi tina tosankhiramo pa mndandanda. Wokonza fomu akajambula kabokosi katsopano, kamabwera kali ndi maonekedwe ake kale: mtundu wa zilembo, kukula kwake, utali wa kabokosi ndi mtundu wa malire ake. Mu Access 2003 zilembozo zinali za Tahoma, za saizi 8. Mu Access 2007 zidasanduka za Calibri, za saizi 11. Amene adasankha zimenezi sadaonepo ofesi yanu, kapena maso a mlembi wanu.

Tsono tiyerekeze kuti mwapatsidwa ntchito yokonza mafomu 20, ndipo fomu iliyonse ili ndi timabokosi 15. Onse pamodzi ndi 300. Mukati muzikonza kamodzikamodzi, kukulitsa zilembo apa, kusintha mtundu apo, tsiku lidzakutherani, ndipo pofika pa fomu yakhumi mudzakhala mutaiŵala zimene mudachita pa yoyamba. Wovutika weniweni ndi mlembi amene adzakhale pa mafomuwo kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Fomu ina zilembo zazikulu, ina zazing'ono. Apa dzina la kabokosi lili kumanzere, apo lili pamwamba. Diso likatopa ndi kufunafuna, nambala ya ndalama imakaloŵa m'kabokosi ka nambala ya membala, ndipo cholakwacho chimadzadziŵika pa kutha kwa mwezi, anthu atayamba kale kulozana zala.

Njira yokonzera chikombole ili paŵiri. Yoyamba ndi iyi. Tsekulani fomu mu Design View, kumene fomu imakonzedwera. Pamwamba pali zida zojambulira. Dinani chida cha Text Box, koma musajambule kanthu pafomu; m'malo mwake dinani F4 pa kiyibodi. Pambali padzatseguka mndandanda wa makhalidwe, ndipo pamutu pake mudzaŵerenga mau oti Default Text Box. Mauwo akutanthauza kuti zimene musinthe pamenepo sizikhudza kabokosi kamodzi ai, koma tonse timene mujambule kutsogolo pa fomu imeneyo.

Pamndandandawu pali makhalidwe ena amene simungaŵapeze pa kabokosi wamba, ndipo ndi oyenera kuŵadziŵa bwino. Auto Label ndiye amanena ngati kabokosi katsopano kazibwera ndi mau ake ofotokoza kapena kokha. Add Colon amaika timadontho tiŵiri tija kumapeto kwa mauwo; amene satikonda atha kutichotseratu pano, osamafufuta kamodzikamodzi. Label X ndi Label Y amanena pamene mauwo akhale. Nambala yokhala ndi mainasi pa Label X imakankhira mau kumanzere kwa kabokosi, pamene yokhala ndi mainasi pa Label Y imaŵakweza pamwamba pake.

Njira yachiŵiri ndi yofulumira, ndipo ineyo ndimaikonda chifukwa munthu amaona ndi maso zimene akuchita. Jambulani kabokosi kamodzi, mukakonze mpaka mtima wanu utakhutira. Kali chisankhidwire, tsekulani kamuvi ka pa gulu la zida la Controls, ndi kusankha Set Control Defaults. Basi. Koma kumbukirani kuti mtundu uliwonse uli ndi chikombole chakechake. Mukakonza cha timabokosi tolembamo, cha mabatani sichidasinthe. Muyenera kubwereza pa mabatani, pa mau ofotokoza, ndi pa timabokosi tosankhiramo.

Apa mpamene ambiri amakhumudwa. Amakonza zonse bwinobwino, natsekula fomu yatsopano, nkupeza maonekedwe akale aja abwerera. Saganiza kuti zimene adakonzazo zidasungidwa m'kati mwa fomu ija yokha. Kuti zifike ku mafomu ena, fomuyo iyenera kusandutsidwa chikombole cha onse. Access akamapanga fomu yatsopano amayamba wafunafuna m'nkhokwe yanu fomu yotchedwa Normal. Akaipeza amatengera; akapanda kuipeza amagwiritsa ntchito maonekedwe ake obadwa nawo. Choncho sungani fomu yanu ija ndi dzina loti Normal. Ngati mufuna dzina lina, pitani pa File, kenaka Options, kenaka Object Designers, ndipo pa malo olembedwa Form template mulembepo dzinalo. Pafupi pomwepo pali Report template, ya malipoti osindikiza papepala, imene imayenda chimodzimodzi.

Chikombolechi chili ndi malire ake. Chimapereka zigawo za fomu, kukula kwa zigawozo, ndi maonekedwe a zimene mudzajambule, koma sichikopera zinthu zojambulidwa kale. Mukaika chizindikiro cha bungwe lanu kapena batani lotsekera pa fomu ya Normal, sizidzaoneka pa fomu yatsopano. Wofuna zimenezo angokopera fomu yonse ndi kuipatsa dzina lina. Ndiponso chikombole chimagwira ntchito pa mafomu amene mwayamba nokha opanda kanthu, osati amene Form Wizard wakupangirani.

Chinanso nchakuti dzina lija mwalemba pa Options limasungidwa ndi Access wa pa kompyuta yanu, pamene fomu yeniyeniyo imakhala m'fayilo ya nkhokwe imodzi. Mukayamba nkhokwe yatsopano, dzina lilipo koma fomu mulibe, ndipo Access sadandaula, amangobwerera mwakachetechete ku maonekedwe ake akale. Mankhwala ake ndi kuitanitsa fomuyo kuchokera ku nkhokwe yakale kudzera pa External Data. Kuyambira mu Access 2007 palinso njira ina: fayilo yotchedwa Blank.accdb ikaikidwa m'foda ya Templates, nkhokwe iliyonse yatsopano imayambira pa iyo, pamodzi ndi fomu yanu ya Normal ngati mudaikamo.

Nanga mafomu amene mudapanga kale? Chikombole chatsopano sichiwongola njerwa zouma. Amenewo muyenera kuŵatsekula, kusankha timabokosi tonse pamodzi, ndi kusintha nthaŵi imodzi. Access 2010 idabweretsa Themes m'malo mwa AutoFormat wakale, ndipo Theme ikasinthidwa, mitundu ndi zilembo zimasintha pa mafomu onse amene adamangidwa motsamira pa iyo. Amene mudaŵapatsa zilembo zapadera ndi dzanja lanu amatsala momwemo.

Posankha zilembo, ife olemba Chicheŵa tili ndi kanthu kena kotikhudza. Chilembo cha ŵ, chimene chili m'dzina la Malaŵi ndi m'maina a anthu ena, si mitundu yonse ya zilembo imene ili nacho. Access idayamba kusunga zilembo zotere bwinobwino mu Access 2000, pamene idalandira dongosolo la Unicode. Tahoma ndi Calibri zili nacho, koma zilembo zina zokongoletsera zilibe. Musanasunge fomu yanu ya Normal, lembani mau okhala ndi ŵ m'kabokosi kamodzi, muŵaone pa sikirini, kenaka muŵasindikizenso papepala. Ndipo za saizi ya zilembo musagamule nokha: itanani mlembi amene adzagwiritse ntchito fomuyo, akhale pa mpando wake, aŵerenge, anene yekha ngati 11 akumkwanira kapena afuna 12.