Kodi ndege ija yadutsa bwanji kumbuyo kwanga?

Tiyambe ndi kasewero, ana inu. Khalani pakati pa bwalo, tsinzinani, ndipo mnzanu aombe m'manja kamodzi ataima mbali imene wafuna. Tsopano lozani kumene kwachokera phokosolo. Nthawi zambiri mudzaloza molondola, chifukwa muli ndi makutu awiri ndipo pakati pawo pali mutu. Mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi. Akachokera kumanja amayamba kulowa m'khutu la kumanja, kenako amazungulira mutu n'kukafika kumanzere atachedwako ndiponso atafookako. Kuchedwako sikukwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma ubongo wanu umakuzindikira. Ine zimenezi zimandidabwitsa mpaka lero.

Pa luso la makutu limeneli ndi pamene patsamira zida za masipika zija amagulitsa m'masitolo a ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre, kapena zija amabwera nazo amalume pochokera ku Joni. Mukatsegula katoni yake mupezamo masipika asanu ang'onoang'ono ndi imodzi yaikulu, yolemera, imene timaitcha sabuufa. Ndiye tanthauzo la nambala ya 5.1 imene yalembedwa pakatonipo: asanu aja ndi imodzi ija.

Sipika iliyonse ili ndi malo ake ndi ntchito yake. Yapakati imakhala pansi penipeni pa TV, ndipo ndi imene imatulutsa mawu a anthu akamalankhula. Ziwiri zimaima kutsogolo, ina kumanzere ina kumanja. Ziwiri zotsalazo zimapita m'mbali mwa mpando, chakumbuyo pang'ono. Wokonza filimu amagawa mawu m'njira zisanu ndi imodzi. Ndege ikamauluka, amayambitsa mkokomo wake kutsogolo kumanzere, n'kuuchepetsa pang'onopang'ono uku akuukweza kumbuyo kumanja. Palibe chimene chasuntha m'nyumbamo, koma makutu anu auza ubongo kuti chinthu chadutsa pamwamba panu, ndipo mumacheuka.

Nanga bwanji sabuufa ili imodzi yokha? Iyo imasenza mawu a besi, ngati kugunda kwa ng'oma yaikulu kapena bingu likamalindima kuseri kwa phiri la Ndirande. Mawu otere timawamva ndi pachifuwa pomwe, koma makutu amavutika kudziwa kumene achokera. Choncho imodzi ikwanira, ndipo mutha kuiika pansi chapakona.

Nzeruyi si yalero. Mu 1931 katswiri wina wa ku England, Alan Blumlein, analembetsa njira yojambulira mawu a kumanzere ndi a kumanja paokhapaokha. Mu 1940 filimu ya katuni ya Disney yotchedwa Fantasia inaonetsedwa m'maholo ena a ku America ndi masipika ozungulira anthu. Kuno kwathu wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo ambiri mafilimu tinkaonera ku vidiyo shoo, m'Bangwe kapena m'Ndirande, kumene sipika imodzi inkapachikidwa panja kuti iitane anthu odutsa.

Tsopano tifike pa zingwe, pakuti apa ndi pamene mabanja ambiri amasokonezekera. Pamakhala kabokosi kamene kali ngati kondakitala wa minibasi, kolandira mawu n'kuuza aliwonse pokakhala. Nthawi zina kabokosiko kamakhala pakokha, nthawi zina kamabisika m'kati mwa sabuufa. Masipika onse amalumikizidwa kumbuyo kwake, ndipo pa dzenje lililonse pali zilembo. FL ndi kutsogolo kumanzere, FR kutsogolo kumanja, C pakati, pamene SL ndi SR ndi zakumbuyo zija. Waya wa sipika amakhala wophatikiza awiri. Wofiira alowe pofiira, wakuda pakuda, ndipo timawaya ta mkuwa ta awiriwa tisakhudzane, chifukwa chida chikhoza kupsa.

Kenako pamafunika msewu wochokera ku dikoda, ku DVD kapena ku TV. Zingwe zakale zija za mitu itatu mumazidziwa: wachikasu umanyamula chithunzi, woyera mawu a kumanzere, wofiira mawu a kumanja. Werengani bwino, njira za mawu ndi ziwiri basi. Ndiye chifukwa chake m'nyumba zina masipika akumbuyo amangokhala chete, kapena amangobwereza zimene akutsogolo akunena, eni ake n'kumadandaula kuti anagulitsidwa chinthu chakufa. Chida n'chabwinobwino, msewu ndiwo wachepa. Chingwe cha HDMI, cha mutu wophwatalala uja, chimanyamula chithunzi pamodzi ndi njira zonse zisanu ndi imodzi. Ngati pa TV pali dzenje lolembedwa ARC, ndipo pakabokosi paja liliponso, chingwe chimodzi pakati pa mayenje awiriwo chimatumiza mawu a TV ku masipika. Palinso chingwe china chopyapyala chimene chimanyamula mawu ndi kuwala, moti kunsonga kwake kumaoneka kadontho kofiira. Musachipinde kwambiri, chimathyokera m'kati.

Komabe si pulogalamu iliyonse imene inakonzedwa m'njira zisanu ndi imodzi. Nkhani za madzulo n'kutheka kuti zidzangomvekera kutsogolo, ndipo palibe cholakwika.

Ntchito yolumikizayi muigwire limodzi ndi munthu wamkulu, mutazimitsa switchi ya pakhoma ndi kuzula pulagi. Magetsi akazima, zulaninso, pakuti nthawi zina pobwera amabwera ndi mphamvu yoposa muyezo. Ndikupemphaninso ndi mtima wonse kuti musamakweze voliyumu mpaka mawindo kunjenjemera. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikaonongeka ndi phokoso sitimeranso. Kumbukiraninso kuti kuseri kwa khoma lanu mwina kuli khanda limene langogona kumene.

Zonse zikalumikizidwa, pemphani bambo kapena mayi afufuze pa rimoti batani lolembedwa Test. Zida zambiri zili nalo. Likadinidwa, sipika iliyonse imalira payokha, motsatana, ngati kuwawata kwa mvula pamalata. Khalani pampando wapakati, tsinzinani monga munachitira pabwalo paja, ndipo lozani. Ngati chida chikuti kumanzere koma chala chanu chaloza kumanja, mawaya awiri asinthana malo. Zimitsani, muwabwezere m'mayenje awo, muyesenso.