Lipoti la mphunzitsi lisathamangire mawu akuti "choncho"

Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe la INDE linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri kudzera mu pulojekiti ya PEBIMO: Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Zimene ofufuza monga Carol Benson analemba zinathandiza kuti mu 2003 maphunzirowa ayambe m'masukulu a boma. Masiku ano mphunzitsi wa ku Tsangano kapena Macanga nayenso amalemba zimene akuona m'kalasi, ndipo lipoti lake limamveka pa msonkhano wa ZIP. Likakhala lofooka, limapereka mpata kwa onena kuti Chinyanja chimachedwetsa mwana.

Mfundo yolimba imaima pa mafuwa atatu: chimene wolemba akunena, umboni wake, ndi chifukwa cholumikiza ziwirizo. Lachitatuli ndi limene limasowa kawirikawiri.

Mwachitsanzo, mphunzitsi angalembe kuti: "Ana a m'kalasi ya zilankhulo ziwiri akuwerenga bwino kuposa a m'kalasi ya Chipwitikizi chokha, choncho Chinyanja ndicho chawathandiza." Umboniwo ungakhale woona, koma sukukwana kunyamula mawu akuti "choncho". Zinthu ziwiri zikachitikira pamodzi sindiye kuti china chabala chinzake.

Asanatseke nkhani, wolemba adzifunse chinanso chimene chingabweretse kusiyanako. Kodi makalasi awiriwo ali ndi ana ochuluka mofanana? Kodi analemba mayeso amodzi, nthawi imodzi? Kodi ana a kalasi inayo sanajombe kwambiri nthawi yokumba mbatata ya kachewere kapena yothyola fodya? Popeza Tsangano ali m'malire ndi Ntcheu, kodi palibe ana amene anayamba sukulu ku Malawi n'kubwera akudziwa kale kuwerenga? Nanga amene anasiyira panjira awerengedwa? Ngati ofooka anasiya sukulu, otsalawo amaoneka anzeru pamene njira yophunzitsira sinasinthe kanthu.

Mayankho a mafunsowa ndiwo fuwa lachitatu. Akasonyeza kuti makalasiwo amafanana pa zonse kupatula chilankhulo, mfundoyo imakhazikika.

Chachiwiri, mawu omaliza asakule kuposa umboni. Zochokera m'kalasi imodzi zimanena za kalasiyo, osati za chigawo chonse cha Tete. Kulemba kuti "ana a m'kalasi iyi, chaka chino" n'kolimba kuposa "ana onse", chifukwa mwana mmodzi wosiyana akwanira kugwetsa mawu akuti "onse".

Chachitatu, zotsutsa zisabisidwe. Ngati anawo akuwerenga bwino Chinyanja koma akuvutika pamene Chipwitikizi chayamba kukhala chilankhulo chophunzitsira, lipoti linene zimenezo. Kholo limene limaona vutolo kunyumba silingakhulupirire lipoti loyamikira zokhazokha, ndipo oyang'anira maphunziro sangatumize mabuku kapena kukonza maphunziro a aphunzitsi pa vuto limene palibe analilemba.