Gulu la IgE m'magazi a anthu omwe zinthu zina zimawawenga

Thupi la munthu limapanga mapuloteni otchedwa ma antibody, omwe ntchito yawo ndi kuzindikira ndi kugwira tizilombo toyambitsa matenda. Mapuloteniwa alipo magulu asanu: IgG, IgA, IgM, IgD ndi IgE. Gulu la IgG ndilo lochuluka m'magazi, pamene la IgE ndilo lochepa kuposa onse. Ngakhale zili choncho, gulu lochepali ndilo gwero la ziwengo zambiri. Analitulukira m'zaka za 1966 ndi 1967 akatswiri Kimishige ndi Teruko Ishizaka ku America, komanso Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Sweden.

Mwa anthu ena, thupi limayesa mdani chinthu chosavulaza, monga mungu wa zomera, fumbi la m'nyumba, mtedza, mazira kapena nsomba. Likakumana nacho koyamba, limapanga IgE yolimbana ndi chinthucho, ndipo IgE imeneyi imakakamira ku maselo a pakhungu, m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo. Munthu samva kanthu panthawiyi. Akadzakumana nachonso, maselowo amatulutsa mankhwala otchedwa histamine m'mphindi zochepa chabe. Apa m'pamene munthu amayetsemula, kuyabwa, kutuluka ziwengo, kutupa kapena kubanika. Ululu wa njuchi umachitanso chimodzimodzi mwa anthu ena.

Anthu adziwe kuti kuchuluka kwa IgE m'magazi si umboni wokwanira wakuti munthu china chake chimamuwenga. Njoka za m'mimba ndi likodzo, zomwe zimagwira kwambiri alimi ndi asodzi a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, nazonso zimakweza IgE. Kuyabwa kwina sikuchokera ku IgE: chitedze chimayabwa aliyense amene wachikhudza. Kupezeka kwa IgG yokhudza chakudya china kumangosonyeza kuti munthu amadya chakudyacho. N'chifukwa chake dokotala amayamba wafunsa zomwe munthu anadya kapena kugwira, ndiponso nthawi imene zizindikiro zinayamba, asanamasulire zotsatira za magazi.

Choncho, musaletse mwana mtedza, usipa kapena mazira mongoganizira, popeza zakudyazi zimamanga thupi. Koma munthu akatupa milomo, lilime kapena pakhosi, akayamba kubanika kapena kukomoka atangodya chinthu kapena atalumidwa ndi njuchi, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Vuto lotereli lingathe kupha msanga, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline.