Zidole Zakale za Star Wars ndi Chimene Chimazikweza Mtengo

Pakati pa zinthu zakale zimene anthu amasonkhanitsa, monga masitampu ndi ndalama zachitsulo, pali gulu lina limene lakula kwambiri ku America, ku Ulaya ndi ku Japan, lomwe ndi la zidole zapulasitiki zoimira anthu ndi zolengedwa za m'mafilimu a nkhani zopeka za sayansi, kutanthauza nthano za maulendo a m'mlengalenga, maloboti ndi mayiko ongoganizira. Zidolezi zimakhala ndi mutu, mikono ndi miyendo yotembenuka, kotero kuti mwana amatha kuziimika, kuzikhazika m'tizombo tawo kapena kuzigwiritsa zida. Zotchuka koposa ndi za filimu ya Star Wars, zimene kampani ya Kenner ya mumzinda wa Cincinnati, m'chigawo cha Ohio, inagulitsa kuyambira 1978 mpaka 1985. Ngakhale kuti zinagulidwa zoposa 300 miliyoni, pa mtengo wa pafupifupi madola awiri chimodzi pachiyambi, zina mwa izo lero zimagulitsidwa pa mtengo woposa wa nyumba, ndipo kawirikawiri zokwera mtengozo zimakhala zimene kampaniyo inaziona kuti nzolakwika n'kuzisintha msanga.

Filimu ya Star Wars, imene anaikonza George Lucas, inatuluka pa 25 May 1977, ndipo kutchuka kwake kunadzidzimutsa ngakhale a Kenner amene anali atatenga chilolezo chopanga zidole zake. Popeza kusema chikombole chachitsulo choumbiramo pulasitiki kumatenga miyezi yambiri, Khirisimasi ya chaka chimenecho inafika kampaniyo ilibe chidole n'chimodzi chomwe choika m'sitolo. Inagulitsa m'malo mwake phukusi lakatoni lotchedwa Early Bird Certificate Package, mmene munali kasiteji kakatoni ndi satifiketi yoti makolo aitumize pa positi, kuti m'miyezi yoyambirira ya 1978 adzalandire zidole zinayi, za Luke Skywalker, Princess Leia, Chewbacca ndi R2-D2. Zidolezo zinali zazitali mainchesi atatu ndi magawo atatu a magawo anayi, omwe ndi masentimita pafupifupi 9.5, msinkhu umene unasankhidwa pofuna kuti zombo zokweramo zidolezo zisakule mopambanitsa n'kudula kuposa mmene makolo angakwanitsire. Mu 1978 mitundu 12 yoyamba inafika m'masitolo, chidole chilichonse chitamatidwa pa katoni yake ndi kachivundikiro kapulasitiki koonekera mkati, ndipo pofika 1985 mitunduyo inali itaposa 90.

Mawu amene osonkhanitsa amawatchula kwambiri m'Chingerezi ndi akuti variant, ndipo amatanthauza chidole chimene chikuimira munthu yemweyo wa m'filimu koma chikusiyana ndi zinzake pa kanthu kena, kaya utoto wa tsitsi, kukula kwa mutu, mtundu wa chovala kapena zilembo zodindidwa kumbuyo kwa miyendo. Kusiyanaku sikunkachitika dala pofuna kukopa ogula, koma kunkabwera chifukwa chakuti zidolezo zinkaumbidwa m'mafakitale osiyanasiyana, makamaka ku Hong Kong ndi ku Taiwan, aliyense ndi zikombole ndi utoto wake, komanso chifukwa kampani inkasintha kapangidwe ikaona kuti china chake n'chosalimba, n'chodula kupanga kapena sichikufanana ndi za m'filimu. Chinthu chikasinthidwa patangopita miyezi yowerengeka, zoyambazo zinkatsala zochepa, ndipo mwa zochepazo zambiri zinathyoka kapena kutayika m'manja mwa ana, amene ndiwo anali eni ake enieni.

Chitsanzo choyamba ndi lupanga lowala limene Luke Skywalker, Darth Vader ndi Ben Kenobi amanyamula. Pa zidole zoyambirira lupangalo linkatuluka m'kati mwa mkono, kenaka kansonga kena kowonda n'kusololoka kuchokera m'kati mwa lupangalo, monga mmene mlongoti wa wailesi umafutukukira. Kansongako kankathyoka msanga ndipo kankawonjezera ntchito ku fakitale, motero posakhalitsa anayamba kuumba lupanga la chidutswa chimodzi. Zidole za Luke zokhala ndi lupanga losololoka kawirilo zimapezekako ndithu, chifukwa zina zinatumizidwa kwa ogula satifiketi aja, pamene za Vader ndi Kenobi n'zosowa kwambiri. Nkhani ya Jawa, kacholengedwa kakafupi ka m'chipululu, ndi yofanana nayo: poyamba kanavekedwa kachofunda kapulasitiki kopyapyala, koma poti kachidoleko kanali kakang'ono pamene mtengo unali umodzimodzi ndi wa zinzake, kampani inaona kuti ogula adziona ngati aberedwa, n'kukasokera mkanjo wansalu. Chotsatira chake n'chakuti chovala chimene chinakanidwa chifukwa chooneka chotchipa ndicho chimene lero chimadula madola masauzande angapo, makamaka chikakhala chisanachotsedwe pa katoni yake.

Chidole chabuluu cha cholengedwa chotchedwa Snaggletooth chinabadwa chifukwa chosowa chithunzi chabwino. Okonza zidole a Kenner anapatsidwa chithunzi chopanda mitundu, chimenenso sichinkaonetsa thupi lonse la cholengedwacho, choncho anangoganizira okha n'kuchipanga chachitali, chovala zabuluu ndi jombo zasiliva, ndipo chinagulitsidwa mu 1978 m'phukusi la masitolo a Sears. Zitadziwika kuti cholengedwacho chimayenera kukhala chachifupi ndi chovala zofiira, anachiumbanso, ndipo chabuluu chija sichinagulitsidwepo pachokha pa katoni.

Palibe chidole chimene chimakambidwa kwambiri ngati Boba Fett woponya kamzinga. Kenner inalengeza kuti mu 1979 idzatumiza chidolechi kwaulere kwa mwana aliyense wotumiza umboni woti wagula zidole zinayi, ndipo zithunzi zotsatsa zinaonetsa kamzinga kofiira kamene kamayenera kufwamphuka kuchokera pachikwama cha kumsana mothandizidwa ndi sipuling'i. Cha kumapeto kwa 1978, mwana wa zaka zinayi ku America anamwalira atatsamwa ndi kamzinga kotere ka chidole cha Battlestar Galactica cha kampani ya Mattel, ndipo Kenner, imene inali ikuyesabe chidole chake, inaganiza zomatirira kamzingako kuti kasatulukenso. Ana analandira Boba Fett wa kamzinga komatidwa pamodzi ndi kakalata kofotokoza chifukwa chake, kotero kuti woponya kamzinga uja sanagulitsidwepo m'sitolo iliyonse, ngakhale kuti akuluakulu ambiri lero amalumbira kuti anali naye ali ana. Zimene zilipo ndi zidole zoyeserera zokha, zopangidwa kuti akatswiri a kampani aziyese, zomwe antchito ena anazisunga m'makomo mwawo. Osonkhanitsa amazigawa pawiri potengera kampata ka kumsana kokokerapo sipuling'i, kamene pa zina kamaoneka ngati chilembo cha L ndipo pa zina ngati cha J. Mu May 2024 chimodzi chinagulitsidwa pa okushoni ya Heritage Auctions pa madola 525,000, ndipo mu August chaka chomwecho china chinafika madola 1.342 miliyoni pa okushoni ya Goldin.

Gwero lina la kusiyana ndi makampani a m'mayiko ena amene anapatsidwa chilolezo chopanga kapena kugulitsa zidolezi, monga Palitoy ya ku Coalville ku England, Meccano ku France, Lili Ledy ku Mexico, Toltoys ku Australia ndi Glasslite ku Brazil. Yak Face, mmodzi wa zidole zomaliza za 1985, sanagulitsidwe ku America chifukwa chidwi cha ana chinali chitazilala, koma anapezeka ku Canada, ku Australia ndi ku Ulaya, pamene Vlix, wa m'katuni ya pa wailesi yakanema yotchedwa Droids, anatulutsidwa ku Brazil kokha. Ngakhale zidole zopangidwa popanda chilolezo, monga za Uzay za ku Turkey, zili ndi ozikonda awo amene amalipira ndalama zambiri, zomwe zikusonyeza kuti pamsikawu ubwino wa chinthu sulemera ngati kusowa kwake.

Pamene pali mitengo yotere, achinyengo sasowa. Tizida ting'onoting'ono ndi zovala ndizo zimapekedwa kwambiri, popeza n'zimene ana ankataya msanga, ndipo kachofunda ka Jawa kamatha kudulidwa kuchokera ku chofunda cha Ben Kenobi, chimene n'chachikulupo ndipo mtundu wake ndi wofananirako. Osonkhanitsa odziwa amayang'ana makwinya a pulasitiki ndi galasi lokulitsa zinthu, amayerekeza zilembo za pamiyendo ndi za zidole zodziwika kuti n'zenizeni, ndipo ena amaponya kamfuti m'madzi poti tambiri tenitenito timayandama, ngakhale kuti opeka nawonso anaphunzira kupanga toyandama. Pachifukwachi kunabwera makampani oyesa zidole, monga Action Figure Authority, amene amachipima chidole, n'kuchipatsa malikisi osapitirira 100 potengera utoto, kulimba kwa mfundo zake ndi maonekedwe a katoni, kenaka n'kuchitsekera m'bokosi lapulasitiki loonekera. Njirayi imathandiza wogula amene ali kutali, koma si onse amaikonda, chifukwa chidole chotsekeredwa sichigwiridwanso, ndipo bokosilo silingaletse pulasitiki yakale kusanduka yachikasu kapena kuyamba kunanda ikakhala malo otentha kapena owala dzuwa.

Kenner inagulidwa ndi Tonka mu 1987, ndipo Tonka nayo inagulidwa ndi Hasbro mu 1991. Pamene zidole zatsopano za Star Wars zinatuluka mu 1995, akuluakulu amene anali atamva za mitengo ya zakale anazigula mwaunyinji n'kuzisunga osatsegula, poyembekezera kudzapha makwacha m'tsogolo. Popeza ochita zimenezi anali ambirimbiri, zidolezo sizinasowe konse, ndipo zambiri mwa izo lero zimagulitsidwa pa madola owerengeka, zili zomata pa makatoni awo monga mmene zinachokera kusitolo.